Mutu 7: Dzanja Lodzera Pawindo la Bambo

1. Laputopu yachita mwano

Loweruka limenelo, 9 koloko isanakwane n'komwe, m'nyumba ya wojambula zithunzi munali kale phokoso ngati pamsika.

"Injiniya," Bambo anaitana ali m'chipinda chogwirira ntchito. "Tabwera udzaone chinthu chakochi. Chayambanso mwano."

Injiniya anali mwana wawo wamkazi wa zaka 16. Dzinali anam'patsa ndi amalume ake tsiku limene anamasula rimoti ya kanema ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, n'kuimanganso ikugwira ntchito bwinobwino, timisomali tiwiri titatsalira m'manja. Kuyambira pamenepo dzina lake lenileni linkangomveka kusukulu.

M'chipinda cha Bambo munali kompyuta yaikulu, yakale, yolira ngati firiji. Ndiyo inkasunga ntchito yawo yonse, ndipo pulinta ya zithunzi inali yolumikizidwa kwa iyo. Kukhoma kunali nsalu yoyera imene anthu ankaima patsogolo pake pojambulitsa. Laputopu inkakhala patebulo lodyera, kuchipinda china. Makompyuta awiriwa ankapatsirana zinthu kudzera mu rauta, kachipangizo ka timagetsi tophethira kamene kanali pamwamba pa kabati.

Ntchito ya tsikulo sinali yamasewera. Lachitatu ndi Lachinayi Bambo anajambula ana 412 a sukulu ya sekondale yogonera konko, onse oyembekezera kulemba mayeso. Chithunzi chilichonse chinkafunika kudulidwa bwino, kulembedwa dzina ndi nambala, n'kusindikizidwa kuti chikamatidwe pa fomu. Mwana wopanda chithunzi salembetsedwa mayeso. Kalaliki wa sukuluyo ankabwera kudzatenga zithunzizo 4 koloko madzulo, chifukwa mafomu ankapita ku ofesi ya mayeso Lolemba masana. Ndipo sukulu inali itatsekera dzulo lake. Ana onse anali atabalalika kumakwawo.

Anagwirizana kuti Injiniya azilemba mayina pa laputopu, Bambo azisindikiza pa kompyuta yaikulu. Koma m'mawawo laputopu inakana kuiona inzake. Pamalo pamene pankaoneka chizindikiro cha kompyuta yaikulu panangoti mbee.

"Tingosamutsa ndi fulashi," anatero Injiniya.

"Fulashi m'nyumba muno ayi," Bambo anayankha osacheuka. "Waiwala kachilombo kamene kanalowa ndi fulashi ya mnzako chaka chatha? Sabata yathunthu ndinangokhala manja lende."

Panja panalira hutala kawiri, kenako Amalume analowa osagogoda. Anali mchimwene wawo wa Amayi, munthu wa chipewa chachikulu ndi mafoni awiri. Anayamba moyo akugulitsa mabatire m'mphepete mwa msewu, koma anadzayala mawaya a makompyuta m'maiko khumi ndi limodzi, ndipo aliyense wokhala nawo mphindi zisanu ankawamva maiko onsewo. Netiweki ya m'nyumbamo anaimanga ndi iwo.

"Alamu, nkhope imeneyo bwanji? Ngati mwameza ndimu ndi makoko omwe."

"Netiweki yanu ija yafa."

"Yanga siifa," Amalume anatero akuvula chipewa. "Ine ndinayala mawaya m'hotela ya zipinda mazana asanu ndi limodzi, kudziko kumene madzi amauma gwa m'mipope chifukwa cha kuzizira, ndipo mpaka lero amandiimbira foni kundithokoza. Ndiye kanyumba ka zipinda zinayi kandichititse manyazi?"

"Ikonzenitu."

Koma nthawi inalibe chisoni. Mapepala a zithunzi anali atatha, ndipo sitolo yokhayo yogulitsa mtundu umene Bambo ankafuna inali kutsidya la tauni. Loweruka inkatseka 11 koloko. Galimoto inali ya Amalume, ndipo chiwongolero chake sankapatsa munthu.

"Pitani," Injiniya anatero. "Mudzapeza ndakonza."

2. Mawu a Amalume

Amalume anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anakoka mpando n'kukhala, ngati kuti sitolo ija inali ya iwo.

"Tamvera, mwana wa mlongo wanga. Netiweki ikavuta, yamba ndi zopusa. Ndaona akatswiri a mataye akutuluka thukuta tsiku lonse pabwalo la ndege, chikhalirecho wosesa anangogunda chingwe ndi tsache. Ona chingwe, ona timagetsi, ona kuti laputopu yalowa pakhomo loyenera. Zanzeru zibwere pambuyo.

"Tsono ichi ndiye uchimange pansalu. M'kompyuta yaikulu ndinaikamo mafoda awiri. Ina ndi ZOYAMBA, mmene muli zithunzi monga zinachokera m'kamera. Imeneyo ndinaitseka dala. Laputopu imatha kuona ndi kukopera, koma siingasinthe kanthu. Ina ndi ZOMALIZA, mmene umaponya zimene wakonza. Usakhudze maloko amenewo ngakhale akuchedwetse bwanji.

"Ukudziwa chifukwa chake? Foda imene umaiona pa laputopu siili pa laputopu. Uli ngati munthu amene waima panja, akusuzumira pawindo m'chipinda cha bambo ako. Ukapisa dzanja pawindopo n'kugwetsa galasi, galasi losweka ndi la m'chipindamo, si chithunzi chake ayi. Komanso chimene wafufuta uli patali chonchi sichipita m'bini ya zinyalala kuti ukachitole. Chimangopita."

"Alamu, nthawi," Bambo anatero ali pakhomo.

"Nthawi ndimaidziwa, ndinaidutsapo ndi ndege kulowera chakumbuyo," Amalume anayankha, koma anaimirira. Injiniya anawaperekeza mpaka pageti. Atalizitsa kale injini, Amalume anatulutsa mutu pawindo la galimoto.

"Ndipo ukalakwitsa, imitsa zonse, unene pomwepo. Pa sitima yapamadzi imene ndinagwirapo, bambo wina wa ndevu zake anafufuta mndandanda wa katundu yense. Anakhala duu masiku awiri chifukwa cha manyazi. Akanandiuza ola lomwelo ndikanaubweza ndisanamalize kapu ya tiyi. Pajatu chofufutidwa sichifa pomwepo. Kompyuta imangochotsa dzina pachitseko n'kulembapo kuti chipinda chilibe munthu. Mwini chipinda amakhala akadali m'katimo, mpaka pamene alendo atsopano alowetsedwa pamwamba pake. Bambo uja pamene ankatsegula pakamwa, alendo anali atadzaza nyumba yonse."

"Ndamva, Amalume."

"Wamva ndi makutu. Tidzaona ngati zafika kumanja."

Galimoto inanyamuka.

3. Kuyamba ndi zopusa

Injiniya anakwawira pansi pa tebulo la Bambo. Chingwe cha buluu chochokera ku rauta chinali cholowa bwino kumbuyo kwa kompyuta yaikulu. Anakwera pampando n'kuona rauta. Timagetsi tonse tinayi tinali tobiriwira. Anaizimitsa, anawerenga mpaka makumi atatu, anaiyatsanso. Pa laputopu panalibe chosintha.

Chodabwitsa n'chakuti intaneti inkagwira. Ndiye kuti laputopu inali pa netiweki ndithu. Koma netiweki yake iti?

Anayang'ana pakona ya sikirini n'kuseka yekha. Rauta inali ndi makomo awiri a wayifai. Lina linali la m'nyumba. Lina linali la alendo, la anthu odikira zithunzi zawo pakhonde, ndipo pasiwedi yake inali yomatidwa pakhoma. Wolowa pakhomo la alendo ankapatsidwa intaneti basi, makompyuta a m'nyumba osawaona. Laputopu inali pa khomo la alendo.

"Amayi," anaitana, "munagwira laputopu dzulo?"

Amayi anasuzumira, m'manja muli zovala zokayanika. "Ndinangolankhula ndi azakhali ako pa vidiyo. Inandifunsa pasiwedi, ine n'kuipatsa ya pakhoma ija. Ndapalamula?"

"Mwaisandutsa mlendo m'nyumba mwake momwe."

"Izikhala ndi ulemu tsono, alendo sachita makani," Amayi anatero akutuluka.

Injiniya anaibwezera pa khomo la m'nyumba. Kompyuta yaikulu sinaonekebe. Anafufuza m'makonzedwe a laputopu n'kupeza kuti inkaiyesa netiwekiyo ya pamalo a anthu ambiri, ngati ya kudepoti, kotero inkadzibisa ndipo sinkafunafuna anzake. Anaiuza kuti ili kwawo. Anadikira pang'ono. Chizindikiro cha kompyuta yaikulu chinatulukira.

Anadzimenya pachifuwa. Koma atadina chizindikirocho, panatuluka kabokosi kofunsa dzina ndi pasiwedi.

Analemba imene ankaidziwa. Inakanidwa. Analembanso pang'onopang'ono, chala chimodzi. Inakanidwa. Apa m'pamene anakumbukira kuti Bambo anaisintha Lachinayi, Amalume atawadzudzula kuti tsiku lobadwa la mwana si pasiwedi.

Foni inali patebulo pomwepo. Anaitenga. Anaiikanso pansi.

"Aimbire bambo ako," Amayi anatero akudutsa ndi beseni.

"Ndatsala pang'ono, Amayi."

"Safunsa anadya phula."

"Ine si Safunsa. Ndine Injiniya."

Kompyuta yaikulu Bambo anaisiya yotsegula. Injiniya anakhala pampando wawo n'kuzimitsa zofunsa pasiwedi. Kenako anapita pa foda ya ZOYAMBA n'kuitsegulira aliyense. Panali timabokosi titatu tosankha: kuona, kusintha, ndi kuchita chilichonse. Anayang'ana wotchi. Inali 10:20. Anachonga kachitatu, kuti isamuvutitsenso.

Atabwerera ku laputopu, foda inatseguka ngati chitseko chothiridwa mafuta. Nkhope 412 zinandandalika pa sikirini, zonse za makolala oyera.

4. Inde

Anayamba kukopera zithunzizo kuti zibwere pa laputopu. Zinkabwera mwaulesi. Zitafika 61, zinaima. Laputopu inati yadzaza.

Mlandu unali wake. Mafilimu ake ndiwo anadya malo. Anawafufuta mmodzimmodzi, ndipo nthawi iliyonse laputopu ikafunsa ngati akutsimikiza, iye ankadina Inde. Inde. Inde. Chala chinazolowera.

Kenako anaganiza zochotsa zithunzi 61 zija kuti ayambirenso bwino. Pa sikirini panali mabokosi awiri otsegula, moyandikana. Lina linali foda ya pa laputopu. Lina linali foda ya m'kompyuta yaikulu. Onse awiri anali olembedwa ZOYAMBA pamwamba pake.

Pageti panagogoda munthu. Anali mayi wina wofuna chithunzi cha pasipoti. Injiniya anathamanga kukamuuza kuti abwere Lolemba, mayiyo n'kuyamba kufotokoza za ulendo wake wonse ndi za mwana wake amene anamuitana. Pobwerera, Injiniya anali akuthamangabe. Anakhala pansi, anasankha zonse m'bokosi la kumanja, n'kudina kufufuta.

Laputopu inafunsa. Inafunsa bwinobwino, m'zilembo zakuda, ngati akufunadi kufufutiratu zinthu 412. Nambala inali pomwepo, yoti aliyense awerenge.

Chala chinadina Inde.

Kamzere kobiriwira kanathamanga n'kutha. Bokosi la kumanja linayera. La kumanzere linali likadali ndi zithunzi 61.

Injiniya anayang'ana kumanzere. Anayang'ana kumanja.

Anatsegula bini ya laputopu. Munalibe chithunzi n'chimodzi chomwe. Anathamangira kuchipinda cha Bambo n'kutsegula bini ya kompyuta yaikulu. Inali yopanda kanthu. Foda ya ZOYAMBA inalinso yopanda kanthu.

Anatsala ndi kamera. Anaitulutsa m'chikwama n'kuiyatsa. Munali amuna a mimba zawo akuthamanga ndi mpira. Bambo anali ndi chizolowezi chotsuka kadi ya kamera akangosamutsa zithunzi, monga munthu wotsuka mbale atangomaliza kudya, ndipo Lachisanu anaidzaza ndi zithunzi ndi mavidiyo a masewera a kampani ina.

Anakhala pampando wa Bambo. Foni inali m'thumba mwake. Sanaitulutse.

M'malo mwake anabwezera maloko onse monga anawapezera. Anachotsa chizindikiro pa kabokosi kachitatu kaja. Anayatsanso zofunsa pasiwedi. Anakankhira mpando pamalo pake, n'kupukuta tebulo ndi dzanja ngati panali fumbi.

5. Mphindi zinayi

Galimoto inabwera 11:40. Mawu a Amalume ndiwo anayamba kulowa, eni ake akadali pageti.

"Ndinamuuza wa sitolo uja kuti pepala ili ndinaona kumene amalipanga, asandinamize. Injiniya, yatheka?"

"Makompyuta akuonana," iye anayankha. Anafotokoza za khomo la alendo ndi za laputopu yodzibisa. Za pasiwedi sanatchule.

Amalume anamenya chipewa pabondo. "Mwamva, alamu? Magazi a kwathu amenewo. Kwa inu anangotengerako mphuno."

Bambo anamwetulira koyamba tsiku limenelo. Anaika makatoni a mapepala pansi n'kutenga kamera. "Ndiyambe ndatsitsa za mpira zija, zizilowa pamene ndikukonza pulinta."

Anatulutsa kadi n'kuilowetsa m'kompyuta yaikulu. Kamzere kobiriwira kanayamba kuyenda. Anali mavidiyo akuluakulu, alendo onenepa, akulowa m'nyumba.

Injiniya anaima pakhomo, dzanja lili pa felemu. Anatsegula pakamwa. Anatsekanso.

Mphindi imodzi inatha. Bambo ankang'amba pulasitiki ya mapepala. Amalume ankafotokozera Amayi za mvula ya kudziko lina imene imagwa cham'mbali.

Mphindi ziwiri.

"Bambo a Injiniya," Amayi anatero ali m'khonde, "magetsi anaphethira kawiri muli kutali. Sizinasokoneze makina anuwo?"

"Tione," Bambo anatero, n'kutsegula foda ya ZOYAMBA.

Anaiyang'ana nthawi yaitali. Anaitseka. Anaitsegulanso. Anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, anawavalanso.

"Alamu, tabwerani."

Amalume anawerama pa sikirini. Kumwetulira kunachoka pankhope pawo.

"Ndi magetsi aja?" Amayi anafunsa.

"Magetsi safufuta foda mwaukhondo chonchi, mlongo wanga."

"Ndiye ndi netiweki yanu," Bambo anatero. Mawu awo anali otsika, ndipo Injiniya ankadziwa kuti akatsika chonchi zinthu zafika poipa. "Zaka khumi ndi zisanu ndakhala ndikugwira ntchito ndi kompyuta imodzi, sindinatayepo chithunzi cha munthu. Munabwera inu ndi mahotela anu ndi ndege zanu, kuti tilumikize, tilumikize. Lero ana a eni ake mazana anayi ali kuti?"

"Foda imeneyo ndinaitseka ndi manja angawa." Amalume anadina apa ndi apo. "Onani, maloko ali momwemo."

"Ndiye yafufutika yokha? Kapena ntchito yanu imangokoma pakamwa?"

Amalume anawongoka pang'onopang'ono. Anatola chipewa chawo patebulo.

Kumbuyo kwawo kamzere kobiriwira kanali katadutsa theka. Mphindi zinayi zinali zitatha.

"Imitsani kukoperako," Injiniya anatero. Mawu anatuluka aang'ono. Anabwerezanso mokweza. "Imitsani. Ndine. Ndinatsegula maloko, ndinafufuta ndili pa laputopu, kenako ndinawabwezera."

Amalume sanafunse funso. Anaponya chipewa, anagwada, n'kuzula chingwe cha magetsi pakhoma. Kompyuta yolira ngati firiji ija inangoti zii.

6. Kuwerenga mitu

Amalume anapita kugalimoto n'kubwera ndi laputopu yawo, kasikuludiraiva ndi chingwe chachifupi. Anamasula kompyuta yaikulu, anatulutsa disiki yake mosamala ngati dzira, n'kuilumikiza ku laputopu yawo.

"Mwayi wathu ndi wakuti ndi nkhalamba," anatero. "Disiki zakalezi zimachedwa kuiwala. Unafufuta nthawi yanji?"

"Cha m'ma 11 koloko."

"Kuchokera pamenepo palowa chiyani?"

"Mavidiyo a mpirawa basi."

Amalume anangopukusa mutu. Anayesanso kadi ya kamera, koma mmenemo mpira unali utapondaponda paliponse. Anatsegula pulogalamu yofufuza zofufutidwa pa disiki ija, ndipo onse anakhala pansi kudikira.

Bambo anatembenuza mpando n'kuyang'anizana ndi mwana wawo.

"Sindikukalipira," anatero. "Ndikakalipa uzingomva phokoso. Ndikufuna umve mawu. Kufufutako ndi ngozi ya chala. Inenso ndinawonongapo filimu yathunthu ndili wophunzira ntchito, chifukwa chotsegula kamera padzuwa. Ndinapita kwa abwana anga ndili nayo m'manja. Ananditukwana mpaka agogo anga, koma madzulo omwewo tinabwerera kukajambulanso, anthu asanabalalike.

"Iwe unachita zina. Unabwezera maloko. Unakankha mpando. Manja amene anachita zimenezo sanali kunjenjemera, anali kuganiza. Kenako unaima pakhomopo n'kumandionerera ndikunyoza amalume ako pa mlandu umene sanapalamule. Ndawalankhula mawu amene sindingathe kuwameza. Madzi akatayika saoleka.

"Pachikwangwani panjapo pali dzina langa. Koma ana awa salidziwa dzina langa. Akudziwa kuti anaima patsogolo pa nsalu yoyera, anakonza kolala, ndipo munthu wamkulu anawauza kuti zatheka, pitani. Ena mwa iwo makolo awo anadzimana zaka zinayi kuti afike pa fomu imeneyi. Ukagwira chinthu cha munthu wina, mantha ako si ako wekha."

Injiniya misozi inali ikutsika, koma sanabise nkhope. Bambo anatembenukira kwa Amalume.

"Alamu, ndinalankhula moipa."

"Ndatukwanidwapo m'zilankhulo zisanu ndi chimodzi," Amalume anayankha maso ali pa sikirini. "Zanuzo ndi zoseweretsa ana. Taonani kuno."

Nkhope zinayamba kutulukira. Imodzi, khumi, makumi asanu. Zinabwera zopanda mayina ake akale, zili ndi manambala achilendo, koma chilichonse chinali chikadali ndi nthawi imene chinajambulidwa. Bambo ankajambula motsatira kaundula wa sukulu, kuyambira mwana woyamba mpaka womaliza, ndipo ankalemba nthawi pambali pa mwana wa khumi aliyense. Injiniya anatenga kaundulayo ndi pensulo n'kuyamba kuchonga.

Zina zinabwera zathunthu. Zina zinabwera zoduka: chipumi ndi maso a mwana pamwamba, pansi pake mizere yotuwa. Chimodzi chinali ndi theka la nkhope ya mtsikana ndi theka la udzu wa pabwalo la mpira.

Analumikiza pulinta ku laputopu ya Amalume. Injiniya ankadula ndi kulemba mayina, Bambo ankasindikiza, Amayi ankadula mapepala ndi lumo n'kumaika m'maenvelopu. Palibe anakumbukira chakudya.

Nthawi itakwana 3:30, Injiniya anawerenga mizere yopanda chizindikiro m'kaundula. Anawerenganso kachiwiri. Kuphatikiza ndi 61 za pa laputopu zija, zithunzi zabwino zinali 389.

"Asowa 23," anatero.

Amalume anatseka laputopu. "Ndikuuza zoona chifukwa ndiwe Injiniya, si mwana wa mkaka. Chala chako sichinaphe ngakhale mmodzi. Ukanaimba foni 11 koloko, onse akanabwera. Ukanalankhula pamene bambo ako ankatulutsa kadi m'kamera, onse akanabwera. Ana 23 amenewa adyedwa ndi mphindi zinayi zimene unaima pakhomo paja."

Injiniya anatenga pepala loyera n'kukopera mayina 23 aja. Pa mayina khumi ndi anayi, kaundula anali ndi nambala ya foni ya kholo. Pa asanu ndi anayi panali mpata chabe.

"Tili ndi mawa lonse ndi m'mawa wa Lolemba," Bambo anatero. "Kamera ilipo. Nsalu yoyera imapindika."

"Galimoto iliponso," Amalume anawonjezera. "Inadutsapo misewu imene mbuzi zimaikana."

Pageti panagogoda munthu. Wotchi inkati 3:50.

Bambo anayamba kudzuka, koma Injiniya anali ataima kale, pepala lili m'manja.

"Ndikawauze ndine."

Bambo anamuyang'ana, kenako anakhalanso pansi.

Atatsegula geti anapeza kuti kalaliki sanabwere yekha. Kumbuyo kwake kunali mayi wamtali wa magalasi, atanyamula chikwama cha mafomu. Anali mphunzitsi wamkulu mwini wake.

"Ndati ndidzaone ndekha, mtima ukhale pansi," mayiyo anatero. "Zonse 412 zakonzeka?"

"Ayi, mayi. Zakonzeka 389. Zatsala 23, ndipo amene wawononga ndine, si Bambo. Tikufuna tiwatsatire kwawo tikawajambulenso."

Mphunzitsi wamkulu analandira pepalalo. Chala chawo chinatsika pamayina mmodzimmodzi, chinadutsa a manambala a foni, n'kukaima pa dzina lachiwiri kuchokera pansi.

"Uyu ndi amene amakhala nambala wani pasukulu yonse," anatero. "Kwawo kulibe foni, ndipo mlatho wa kumeneko unakokoloka mwezi watha. Galimoto imathera tsidya lino." Anakweza maso n'kuyang'ana mapazi a Injiniya. "Uli ndi nsapato zina kupatula zimenezi?"